Sensa yoyezera paracetamol yopangidwa ndi makala a makoko a nsawa: momwe ntchito yayendera ku Chipata

Tikufuna kachipangizo kotsika mtengo kotha kusonyeza ngati piritsi lolembedwa kuti 500 mg lilidi ndi paracetamol wochuluka chotero, yankho n'kupezeka konkuno popanda kuyamba kutumiza mapiritsi ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 550. Mu 2017 bungwe la WHO linanena kuti m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono, pa mankhwala khumi alionse amodzi amakhala operewera mphamvu kapena achinyengo, ndipo kuno mankhwala ochepetsa ululu amagulitsidwa paliponse, m'mafamase, m'timashopu ndi pamsika. Udindo wolanda kapena kuletsa mankhwala uli ndi ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala kuno ku Zambia. Chathu n'chongolozera mapaketi oyenera kupita kukapimidwa mokwanira.

Sensayi ndi maelekitilodi atatu oviikidwa m'kabotolo ka 20 mL: yogwira ntchito, yomwe ndi phala la graphite losakaniza ndi makala, yoyerekezera ya Ag/AgCl, ndi yobwezera karenti. Paracetamol akafika pankhope ya phala pa volteji yoyenera amataya maelekitironi awiri ndi maprotoni awiri n'kusanduka chinthu china chotchedwa NAPQI, pa girafu ya karenti ndi volteji n'kutuluka nsonga. Kutalika kwa nsongayo ndiko timayeza.

12 Meyi: zogula

Potentiostat (kachipangizo kopereka volteji ndi kuyeza karenti) yaing'ono ya USB, kuphatikiza msonkho ndi mtengatenga, K7,800 ya ku Zambia. Pogula onetsetsani kuti imachita CV (kukweza volteji n'kuitsitsanso uku ikuyeza karenti) ndi DPV (kukweza volteji mwa timasitepe, sitepe iliyonse ili ndi kakudumpha kochepa kotchedwa pulse), imafika pa 1.5 V mbali zonse ziwiri, komanso imawerenga karenti kuyambira pansi pa 1 µA mpaka 1 mA. Odziwa kuwotcherera tizipangizo ting'onoting'ono atha kupanga yawo potsata mapulani aulere a CheapStat a mu 2011 kapena a DStat a mu 2015, koma tizipangizo take n'toitanitsanso kunja.

Ufa wa graphite wa tinthu tosaposa 20 µm, 250 g, K650. Liquid paraffin ya ku famase, 100 mL, K45 (iyi ndi yomwe amamwa odzimbidwa, parafini wa nyale sagwira ntchito pano). Waya wa siliva wa 0.5 mm, 30 cm, K380. Masirinji a 1 mL K120. Michere ya phosphate, KCl, potassium ferricyanide, KOH ndi agar, K1,400. Paracetamol ndi 4-aminophenol (chomwe paracetamol amasanduka akaonongeka) osasakaniza ndi kanthu, oyerekezera, K900. Micropipette ya 10 mpaka 100 µL, K950. Zonse pamodzi K12,245. Sikelo yowerenga 0.1 mg, pH mita ndi ng'anjo yofika 800 °C n'zobwereka mu labotale.

Madzi ndiwo anayamba kuvuta. Madzi a batire ogulitsidwa m'mabotolo sakhala ofanana: ena anali pansi pa 5 µS/cm, ena anaposa 100, ndipo botolo lina linali ndi asidi. Botolo lililonse liyambe layezedwa, loposa 5 µS/cm likhale lotsukira ziwiya basi.

Buffer (madzi osunga pH kuti isasinthe, omwe timayezeramo) ya phosphate ya 0.1 M, pH 7.0: 5.31 g ya KH2PO4 ndi 8.66 g ya Na2HPO4 yopanda madzi, kusungunula mpaka lita imodzi. Isungidwe mu firiji, chifukwa ikakhalitsa panja imamera nkhungu.

26 Meyi: elekitilodi yoyerekezera

Waya wa siliva wa 5 cm timaupala ndi sandipepa wosalala, kuutsuka, kenako kuviika theka lake mu bulichi wochapira kwa mphindi 30 mpaka utade motuwira. Chotengera chake ndi kansonga ka pulasitiki ka pipette ka 1 mL. Kukamwa kwake timatsekako ndi agar wa 3 peresenti wophikidwa mu KCl, agar akalimba timadzaza KCl ya 3 M, yomwe ndi 22.4 g mu 100 mL.

Zipangidwe ziwiri nthawi imodzi. Imodzi isamagwire ntchito konse, izingokhala m'botolo la KCl. M'mawa uliwonse ziwirizo ziviikidwe pamodzi, multimeter iyikidwe pakati pake. Zikasiyana ndi 5 mV kapena kuchepera, zili bwino.

Yoyamba inasiyana ndi inzake ndi 40 mV patangopita masiku ochepa. Chinachititsa ndi kathovu ka mpweya komwe kanatsekeka pamwamba pa agar n'kudula njira, ndiponso madzi a KCl anali kuuma chifukwa pamwamba sipanatsekedwe. Tsopano KCl timaithira ndi sirinji kuyambira pansi, pamwamba n'kumata ndi guluu wotentha. Pagwa vuto lililonse m'miyezi yotsatirayi, malo oyamba kuyang'ana akhala pamenepa.

Yobwezera karenti ndi ndodo ya kaboni ya m'batire lalikulu la tochi. Imafunika kuviikidwa usiku wonse mu HCl ya 1 M kuti manganese achoke, kenako kuwiritsidwa m'madzi oyera. Waya wa platinum ndi wabwino kuposa apa, koma mtengo wake sugwirizana ndi cholinga cha ntchitoyi.

9 Juni: phala lopanda makala

Muyezo wake ndi 0.70 g ya graphite pa 0.30 g ya mafuta a liquid paraffin aja. Mafuta ayezedwe pa sikelo, osati kuwerenga madontho. Kusakaniza m'kamtondo ka mu labotale kumatenga mphindi 20, mpaka phala lichite kuwala n'kulimba ngati chiponde chouma chotsalira pansi pa botolo. Likhale usiku wonse lisanagwiritsidwe ntchito. Sirinji ya 1 mL timaidula kumutu ndi lumo mowongoka, kutsindiramo phala lokwana 1.5 cm, pulanja n'kukhala yokankhira. M'kati mwa sirinji ndi motambalala pafupifupi 4.7 mm, choncho nkhope ya elekitilodi ndi 0.17 cm².

Tisanakhudze paracetamol tinayesa elekitilodiyo pa CV ndi ferricyanide wa 5 mM mu KCl ya 0.1 M, kutanthauza 164.6 mg ndi 0.746 g mu 100 mL. Pa liwiro la 50 mV/s, nkhope ya kukula kumeneku iyenera kupereka pafupifupi 140 µA, ndipo pakatikati pa nsonga yopita ndi yobwerera pagwe cha pa +0.2 V. Zikatalikirana kwambiri ndi pamenepo, musapitirire.

Mzere woyamba unatuluka wonjenjemera, nsonga zosaoneka n'komwe. Kunjenjemerako kunali kwa 50 Hz ya magetsi a m'nyumba, kolowera pa chaja ya laputopu. Chaja itazulidwa kunachepa kwambiri. Kotsalako kunatha titaika kabotolo m'chitini cha mabisiketi cholumikizidwa ku waya wa ground wa potentiostat. Magetsi akathima n'kuyatsa inveta, vutoli limakula kuposa pa magetsi a masiku onse, ndiye kuyeza konse kumachitika laputopu ili pa batire lake.

Vuto lachiwiri linaonekera mu buffer yopanda kanthu: nsonga yachilendo pafupi ndi 0 V, yomwe inkakula pa sikani iliyonse (sikani ndi ulendo umodzi wa volteji poyeza). Titakankha phala lonse kunja tinapeza waya wa kopa wolumikizira utabiriwira kunsonga. Phala linali losatsindirika bwino m'mbali, madzi n'kumakwera mpaka kufika pa waya. Kutsindira kuzichitika pang'onopang'ono, sirinji itaimikidwa pagalasi, ndipo pakati pa phala ndi kopa tinaikapo ndodo ya pensulo ya 2 mm kuti kopa asakhudzenso phala. Multimeter ikaikidwa pakati pa waya ndi nkhope isapose 50 Ω.

23 Juni: kuwotcha makala

Makoko a nsawa nyengo ino ndi ongotola kwa osenda, kaya a Chalimbana kaya a MGV4 ndi MGV5 ochokera ku malo a kafukufuku wa zaulimi a Msekera. Kusiyana kwa mitunduyi sikunaoneke pa sensa. Chofunika n'kutsuka dothi lofiira lonse, popeza lili ndi chitsulo chomwe chimatulutsa nsonga zakezake. Akatsukidwa, awumitsidwe pa 105 °C, asinjidwe, asefedwe.

Makala owotchedwa pa 450 °C sanathandize. Atatsindiridwa mu sirinji, multimeter inawerenga mamegaohm, ndipo mu phala anangotalikitsa nsonga za ferricyanide. Makala a zomera amayamba kudutsa magetsi bwino akapsa kupitirira 700 °C. Choncho kuwotcha kuli pawiri. Koyamba ndi pa 450 °C kwa ola limodzi, komwe 100 g ya makoko imatsala pafupifupi 30 g. Kenako gawo limodzi la makala lisakanizidwe ndi magawo awiri a KOH ndi timadzi pang'ono, ziwumitsidwe, ziwotchedwenso pa 750 °C kwa ola limodzi.

Ng'anjo yathu ilibe njira yolowetsera nayitrojeni. Chiwiya chovindikira wamba chinatulutsa phulusa loyera pamwamba, theka la makala litapserera. Chinathandiza n'kuika chiwiya chaching'ono chovindikira m'kati mwa chachikulu, mpata wapakati n'kudzazamo makala wamba osinja, kuti mpweya wolowa uthere pa iwowo. Komanso KOH wotentha amadya ziwiya za porcelain. Choyamba chinatuluka chitasupuka m'kati, tizidutswa take titalowa m'makala, ndipo mtanda wonsewo unatayidwa. Chiwiya cham'kati chikhale chachitsulo chosachita dzimbiri kapena cha nickel. Magolovesi ndi magalasi a m'maso n'zosakambirana pa gawo ili, ndipo chiwiya chisatsegulidwe chisanazizire kotheratu.

Kutsuka: HCl ya 1 M kwa ola limodzi, kenako madzi otentha mobwerezabwereza mpaka madzi otuluka afike pH 7. Kuumitsa pa 105 °C, kusinja, kusefa pa sefa ya 63 µm.

14 Julayi: makala angati mu phala

Tinapanga maphala a makala 5, 10, 15 ndi 20 peresenti, kuchotsera ku graphite, mafuta osasintha. La 20 linafumbutuka litangoviikidwa, tizidutswa takuda n'kumayandama m'kabotolo. Makalawa ali ndi timabowo tambirimbiri tomwa mafuta, ndiye omangira phala amaperewera. Kuwonjezera mafuta kufika 35 peresenti kunaligwira, koma karenti inatsika. La 15 linapereka nsonga yaitali kuposa onse, koma karenti ya pansi, ija imakhalapo ngakhale mu buffer yopanda kanthu, inakwera kwambiri moti paracetamol wochepa ankamira m'menemo. Takhazikika pa 10: 0.60 g graphite, 0.10 g makala, 0.30 g mafuta. Ufa uwiriwo uyambe wasakanizidwa wouma kwa mphindi 10 mafuta asanathiridwe, apo ayi nkhope ina imadzadza makala ina n'kusowa.

Pa phala lopanda makala, paracetamol wa 100 µM mu pH 7 anatulutsa nsonga yotambalala cha pa +0.50 V, yobwerera yake ili yaing'ono komanso kutali. Pa phala la makala nsonga inabwera cha pa +0.40 V, yosongoka, yotalika pafupifupi katatu.

Mtanda wina wa makala unapereka nsonga pa +0.31 V. Zotere zimakopa, munthu atha kulemba kuti makala amenewa ndi amphamvu kuposa enawo. Koma nsongayo inkabwerera pang'onopang'ono ku +0.40 V elekitilodi ikakhalitsa mu buffer. Anali KOH wotsalira m'timabowo, yemwe ankakweza pH pankhope penipeni, ndipo nsonga ya paracetamol imatsika pafupifupi 59 mV pH ikakwera ndi 1. Madzi otsukira anali atafika pH 7, koma za m'kati mwa timabowo zimatuluka mochedwa. Kuyesa kodalirika n'kuwiritsa 0.2 g ya makala mu 20 mL ya madzi kwa mphindi 5, kuziziritsa, n'kuyeza pH. Ikaposa 7.5, makala abwerere kotsuka.

28 Julayi: nkhope ikutsekeka

Makonzedwe a DPV: kuyambira 0 V, sitepe 5 mV, pulse ya 50 mV yokhala 50 ms. Paracetamol woyerekezera wa 10 mM ndi 151.2 mg mu 100 mL ya madzi, ndipo amakonzedwa watsopano sabata iliyonse.

Pa 500 µM, kubwereza sikani pankhope imodzimodzi kunkatsitsa nsonga nthawi iliyonse, yachisanu n'kutsala pafupifupi magawo awiri mwa atatu a yoyamba. NAPQI sakhazikika. Mu pH 7 amaphatikana ndi paracetamol wina n'kupanga zinthu zomatirira, ndipo makala, poti ntchito yawo n'kukoka zinthu, amazigwira zolimba kuposa graphite yekha. Chomwe chimatalikitsa nsonga ndi chomwechonso chimafulumizitsa kutsekeka.

Pali zinthu zitatu zomwe zachepetsa vutoli. Kuyeza kuzichitikira pansi pa 150 µM, komwenso ndi komwe mzere woyerekezera uli wowongoka (kuyambira 5 µM, kupitirira 150 umayamba kupindika). Sikani iziima pa +0.65 V m'malo mofika +1.0 V. Ndipo pakati pa sikani ziwiri, madzi atakasidwe kwa masekondi 30 elekitilodi ili pa 0 V, kenako adikire masekondi 15 kuti akhale bata. Mwa njira imeneyi sikani zinayi zotsatizana zimatsika pang'ono kwambiri.

Sampulo ikasintha, nkhope nayo isinthidwe: kankhani phala lituluke 1 mm, dulani ndi lumo, pukutani papepala losalala loyezerapo mankhwala mozungulira ngati mukulemba 8, mpaka iwale. Pepala la m'kope silabwino, limasiya ulusi ndiponso limamwa mafuta. Apa ndi pomwe pagona malire a sensa yonseyi. Nkhope zatsopano za phala limodzimodzi zimasiyana pafupifupi 4 peresenti, ndipo wopukuta akasintha, kusiyanako kumakula. Dzanja lolemera limafinyira mafuta pankhope karenti n'kutsika, lopepuka limasiya nkhope yokhakhala karenti n'kukwera. Pofuna kuti aliyense azipukuta mofanana, sirinji timailowetsa m'kathabwa koboola kolemera 100 g, dzanja lizingoyendetsa osakanikiza, ndipo mizungulo ndi 20.

Malipoti ambiri a masensa amtunduwu amanyadira kuti amaona paracetamol wochepetsetsa, wa ma nanomolar. Pa mapiritsi zimenezo zilibe phindu, chifukwa piritsi limodzi mu 100 mL limapereka 33 mM, ndipo ntchito yathu yaikulu ndi kusungunula kuti achepe. Nambala yofunika kwa woyeza mapiritsi ndi ya kusiyana kwa nkhope ndi nkhope.

18 Ogasiti: mapiritsi

Mapiritsi 20 ayezedwe pamodzi kuti papezeke kulemera kwa limodzi, asinjidwe onse. Tengani ufa woyenera kukhala ndi 100 mg ya paracetamol. Ngati piritsi limalemera 580 mg, ufawo ndi 116 mg. Uthireni mu fulasiki ya 100 mL, madzi 70 mL, kukhutchumula mphindi 15, kudzaza mpaka pamzere, kusefa. Madzi oyamba kutuluka pa pepala losefera, okwana 10 mL, atayidwe. Sitachi sasungunuka ndipo madzi amaoneka a mbuu, koma paracetamol amakhala atasungunuka yense, popeza madzi amatha kunyamula pafupifupi 14 mg pa mL ndipo apa pali 1 mg yokha.

Poyamba tinkawerengera pa mzere woyerekezera wokonzedwa m'mawa, ndipo mapiritsi a mtundu wina ankatuluka operewera nthawi zonse. Titathiramo paracetamol wodziwika kuchuluka, nayenso anatuluka woperewera ndi mlingo womwewo. Piritsilo linalibe mlandu. Zomangira zake zosungunuka, monga povidone, zimakhala pankhope n'kutsitsa karenti. Mankhwala abwino akanatha kunenedwa kuti ndi achinyengo.

Kuyambira pamenepo timayeza mothira woyerekezera mu sampulo momwemo. Mu 10.0 mL ya buffer thirani 100 µL ya madzi osefa aja, chitani sikani. Kenako thirani 25 µL ya 10 mM, yomwe ndi 0.25 µmol, chitani sikani, mpaka kuthira katatu. Karenti iliyonse ichulukitsidwe ndi kuchuluka kwa madzi onse a m'kabotolo pa nthawiyo, ijambulidwe moyang'anizana ndi ma µmol othiridwa. Pomwe mzere wadula mbali yopingasa ndipo pali yankho. Piritsi lokwanira liyenera kupereka 0.662 µmol. Kuthira 50 µL nthawi iliyonse kunayesedwa, koma kumafikitsa madzi pa 210 µM, kunja kwa mzere wowongoka, ndipo yankho limatuluka lokwera monama.

British Pharmacopoeia, buku la ku Britain la miyezo ya mankhwala, imalola mapiritsi a paracetamol kukhala pakati pa 95 ndi 105 peresenti ya zolembedwa, apa ndiye kuti 0.629 mpaka 0.695 µmol. Mayankho athu pa sampulo imodzi amamwazikana ndi maperesenti angapo, kotero sensayi singasiyanitse piritsi la 93 ndi la 97, ndipo tisayerekeze n'komwe kunena kuti ingatero. Chomwe imaona mosakayikitsa ndi piritsi la 80 peresenti, 0.529 µmol, kapena lopanda paracetamol konse. Minilab, bokosi la zida zopimira mankhwala la bungwe la GPHF, yomwe imagwiritsa ntchito TLC (kuyerekezera madontho a mankhwala pa kambale), nayo imayerekezera ndi madontho a 100 ndi 80 peresenti, ndiye muyezo wathu suli kutali ndi wa zida zina zopimira mwachangu. Lamulo lomwe takhazikitsa n'lakuti sampulo iyezedwe pankhope zitatu, ndipo yotuluka pansi pa 90 kapena pamwamba pa 110 ipimidwenso ndi makina oyezera ndi kuwala kwa UV pa 257 nm mu NaOH isananenedwe kwa wina aliyense.

8 Seputembala: apa makala aonetsa phindu

Kunena zoona, pa kuyeza paracetamol yekha m'piritsi phala lopanda makala likanakwanira, ndipo silitsekeka msanga. Makala apindula pa zinthu ziwiri.

Choyamba ndi vitamini C, yemwe amapezeka m'mankhwala ena a chimfine. Pa phala wamba nsonga yake ndi yotambalala ndipo imalowerera ya paracetamol n'kuikweza. Pa phala la makala imatsikira pafupi ndi 0 V, pakati n'kutsala mpata wokwanira. Caffeine sasokoneza pa phala lililonse, popeza amafuna pafupifupi +1.4 V, kutali ndi pomwe sikani imaima.

Chachiwiri ndi 4-aminophenol, chomwe paracetamol amasanduka akaonongeka ndi chinyezi ndi kutentha, ndipo chimavulaza impso. Kwa mankhwala okhalitsa pa shelefu pansi pa malata, funso limeneli ndi lenileni. Nsonga yake imatuluka cha pa +0.1 V mu pH 7. Malire ake m'mapiritsi ndi ochepa kwambiri, 0.1 peresenti mu British Pharmacopoeia. M'kabotolo koyezera paracetamol muja, mlingo umenewo ndi wosakwana 0.1 µM, wosaoneka. Ndiye pamafunika sampulo ina: ufa usungunulidwe mu buffer mwachindunji pa 1 mg ya paracetamol pa mL, osachepetsanso, pomwe 0.1 peresenti imakhala 9.2 µM. Phala la makala limaona mlingo umenewu bwinobwino, lopanda makala limangoonetsa kabampu.

Sikani pano iyambire pa -0.15 V n'kuima pa +0.25 V. Itapitirira mpaka +0.65 V mu paracetamol wa 6.6 mM, nkhope inatsekeka nthawi yomweyo, ndipo sikani yotsatira inaonetsa nsonga zatsopano pafupi ndi pomwe 4-aminophenol amatulukira, zochokera ku zotsalira za NAPQI. Sampulo yoyera inaoneka ngati yoonongeka.

4-aminophenol woyerekezera sachedwa kuda akakumana ndi mpweya. Asungunulidwe mu HCl ya 0.01 M, m'botolo lokutidwa ndi foyilo, ndipo agwiritsidwe ntchito tsiku lomwelo. Akayamba kufiirira atayidwe.

6 Okutobala: kutentha ndi mankhwala amadzi a ana

M'labotale momwe m'mawa wa Julayi munali 16 °C, masana ano mukufika 33 °C. Nsonga ya 100 µM yatalika kuposa ya Julayi, zomwe n'zoyembekezeka popeza karenti imakwera 1 mpaka 2 peresenti pa digiri iliyonse. Njira yothira woyerekezera mu sampulo imafafaniza kusiyanaku, koma aliyense wogwiritsa ntchito mzere wa mwezi wozizira apeza mapiritsi onse ali opitirira muyezo.

Phala nalo lafewa. Mafuta ayamba kutuluka pankhope ngati thukuta, ndipo karenti ya pansi ikusinthasintha. Muyezo wa nyengo yotentha ndi 0.62 g graphite, 0.10 g makala, 0.28 g mafuta, ndipo masirinji azigona mu firiji n'kutulutsidwa mphindi 30 ntchito isanayambe. Agar wa elekitilodi yoyerekezera akuumanso msanga, kansonga kake kasamachoke mu KCl kupatula poyeza.

Paracetamol wamadzi wa ana wa 120 mg pa 5 mL ndi 159 mM. Ndi wonanda, ndipo micropipette imasiya wambiri m'kansonga, yankho n'kutsika. Njira yabwino ndi sikelo: pezani kulemera kwa 5 mL mu fulasiki yoyezera, kenako yezani kulemera kofanana ndi 1 mL, sungunulani mpaka 100 mL, mutengepo 300 µL kuthira mu 10 mL ya buffer. Zimapereka pafupifupi 46 µM. Ngati ndi wa mtundu wofunika kukhutchumula, akhutchumulidwe bwino asanatengedwe. Utoto ndi zotetezera kuti asaonongeke zimatulutsa nsonga zawo kumtunda, kupitirira +0.7 V, chifukwa chinanso choimitsira sikani pa +0.65.

Sensayi siona diethylene glycol kapena ethylene glycol, ziphe zomwe zinapezeka m'mankhwala amadzi a ana ku Gambia, zomwe WHO inachenjeza mu Okutobala 2022. Botolo lokhala ndi ziphezi likhoza kutuluka 100 peresenti pa kuyeza kwathu. Pa pepala la zotsatira za mankhwala amadzi talembapo zimenezi ndi zilembo zazikulu, kuti wina asawerenge nambalayo ngati chilolezo chomwetsa mwana.

20 Okutobala: diclofenac, aspirin, ibuprofen

Ibuprofen tamusiya. Amafuna volteji yoposa +1.2 V, pomwe phala la makala limakhala litayamba kale kutulutsa karenti yaikulu yakeyake. Ochita bwino pa mankhwalawa amagwiritsa ntchito maelekitilodi a boron-doped diamond, omwe mtengo wake ndi wina.

Aspirin payekha satulutsa nsonga. Ayambe waphwanyidwa kukhala salicylate pomutenthetsa mu NaOH ya 0.1 M, pH ibwezedwe pa 7, ndipo nsonga imabwera cha pa +0.8 V. Imatseka nkhope pa sikani imodzi yokha, ndiye kuthira kulikonse kumafuna nkhope yatsopano, ndipo kusiyana kwa 4 peresenti kuja kumalowa kanayi m'yankho limodzi. Zikutheka, koma titration ya aspirin (kuyeza pothira mankhwala ena dontho ndi dontho) ndi yotsika mtengo komanso yolondola kuposa apa.

Diclofenac ndiye ali ndi chiyembekezo. Nsonga yake ili pakati pa +0.6 ndi +0.7 V, yopatukana bwino ndi ya paracetamol, sikani ikafikitsidwa pa +0.85 V. Mapiritsi ake a 50 mg ambiri ndi okutidwa kuti asasungunuke m'mimba, ndipo m'madzi wamba chikutocho chimangokhala zibuluma zomatira ufa. Mu buffer ya pH 7 chimasungunuka, koma pamafunika kukhutchumula mphindi 30.

Msampha wake ndi uwu. Diclofenac akataya maelekitironi amasiya chinthu chomatirira pankhope chomwe chili ndi nsonga zakezake pakati pa +0.3 ndi +0.4 V, pomwe paracetamol amatulukira. Elekitilodi yomwe inayezapo diclofenac itaviikidwa mu buffer yoyera inaonetsa nsonga ngati ya paracetamol, ndipo kudula 1 mm sikunaichotse yonse chifukwa zina zinali zitalowerera m'mbali mwa phala. Panafunika kudula 3 mm. Tsopano mankhwala alionse ali ndi sirinji yakeyake yolembedwa dzina, ndipo sampulo isanathiridwe pamachitika sikani ya buffer yokha.

Mapiritsi ophatikiza paracetamol 500 mg ndi diclofenac 50 mg akadali osatheka. Pa molekyulu imodzi ya diclofenac pali mamolekyulu 21 a paracetamol, ndiye paracetamol akakhala pa 100 µM diclofenac ali pansi pa 5 µM, m'mphepete mwa nsonga yaikulu. Choyesa chotsatira ndi kuyeza kawiri: paracetamol monga mwa masiku onse sikani itaima pa +0.55 V, kenako diclofenac pankhope yatsopano mu sampulo yosachepetsedwa kwambiri, elekitilodi itayamba yakhala m'madzimo mphindi 2 popanda volteji kuti makala amukoke, n'kusamutsidwira mu buffer yoyera kukachita sikani. Ufa wa makala wotsala ndi 4 g, wokwanira masirinji ambiri, koma waya wa siliva watha ndipo wina waitanitsidwa ku Lusaka pa K380.